Mbasela ya Namalenga

Khanda la masiku atatu, abale anga, loti mchombo sunagwe, loti silinatuluke n'komwe m'chikuta, limakhala litayamba kale kuphunzira. Litayamba kale! M'chaka cha 1980 akatswiri awiri a ku America, Anthony DeCasper ndi William Fifer, anaika kansonga ka labala kopanda mkaka m'kamwa mwa makanda osapitirira masiku atatu, n'kukalumikiza ku makina a mawu. Khanda likayamwa mwakutimwakuti linkamva mawu a mayi ake, likasintha kayamwidwe linkamva mawu a mayi wachilendo. Ndipo makanda aja, osaona patali, osadziwa ngakhale dzina lawo, anayamba kuyamwa mwa njira yobweretsa mawu a amayi awo. Anawauza ndani? Ndani anawanong'oneza kuti chimene wachita ndi pakamwa pako ndicho chaitana mawu okoma aja, chitanso? Analibe mphunzitsi, analibe choko, analibe bolodi. Anabadwa nazo! Khanda limene likubadwa usiku uno pa chipatala cha Katondwe labadwa nazo, la kutsidya kwa Luangwa ku Zumbo labadwa nazo, la kutsidya kwa Zambezi ku Kanyemba labadwa nazonso, pakuti Mmisiri wake ndi mmodzi.

Lamulo lake n'lalifupi moti ngakhale mwana angaliloweze: chochita chimene chabala zokoma chimabwerezedwa, chimene sichinabale kanthu chimafota chokha. Edward Thorndike analiona mu 1898 pa amphaka otsekeredwa m'mabokosi, B. F. Skinner analiyeza mosamala pa makoswe n'kulilemba m'buku mu 1938, ndipo m'menemo munatuluka sayansi yofufuza zochita za zamoyo imene eni ake amaitcha behavior analysis. Sanalilenge iwo lamuloli ayi. Analipeza lilipo kale, likugwira ntchito kuyambira tsiku limene chamoyo choyamba chinatsegula maso. Mnyamata wa pa dooko la Feira akagwira nkhafi koyamba, bwato limangozungulira pamodzimodzi. Akatembenuza dzanja pang'ono, mphuno ya bwato imalunjika, ndipo madzi enieniwo ndiwo amamuyankha nthawi yomweyo kuti eya, choncho. Mawa dzanja lakumbukira. Njovu imene yakumana ndi utsi wa tsabola m'munda wina imakumbukiranso. Lamulo limodzi, lokwanira njovu, lokwanira msodzi, lokwanira khanda!

Nanga m'kati mwa mutu mumachitika zotani? Ha, m'menemo ndiye muli ntchito ya manja a Chauta! Ubongo wa munthu uli ndi maselo a mitsempha pafupifupi mabiliyoni 86. M'zaka za m'ma 1990 Wolfram Schultz ndi anzake anatchera khutu ku kagulu ka maselo otulutsa dopamine mu ubongo wa anyani. Madzi a zipatso akadontha m'kamwa mosayembekezera, maselo aja ankalumpha. Nyani akazolowera kuti kuwala kwakutikwakuti kumatsogolera madziwo, maselo ankasamuka n'kumalumpha pa kuwalako. Ndipo madzi akapanda kubwera, pa kamphindi komwe amayenera kufika, maselo ankangoti zii. Taganizani, tinthu tosaoneka ndi maso tikuwerengera nthawi, tikuyembekezera, tikuwongola chiyembekezo! Wina anakhala pansi n'kuzilinganiza zimenezi, ndipo anazilinganiza ndi chikondi.

Tsono alipo ana ena m'midzi mwathu muno, kwa Mburuma ndi kwa Mphuka, monga alili kulikonse pansi pa thambo. Wina anabadwa movutikira, anachedwa kulira. Wina anali bwinobwino mpaka malungo anam'kwera kumutu, pajatu lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza. Wina ali ndi khunyu. Wina ali ndi Down syndrome, makromozomu 47 m'malo mwa 46. Wina ali ndi autism, sayang'ana munthu m'maso, waitanidwa satembenuka, phokoso la chigayo limam'pweteka. Zaka 5, zaka 7, mawu osatuluka. Ndipo timamva zonenedwa pachitsime: anam'lodza ameneyu, anam'khwimira bambo ake, m'mutu mulibe kanthu, kusukulu mungokataya nthawi. Mawu amenewa amandilasa mtima, chifukwa amanamizira Mlengi kuti anaumba munthu n'kuiwala kuikamo mphatso yophunzira. Sanaiwale. Imvani umboni wake.

Mu 1949 wophunzira wina wa pa yunivesite ya Indiana, Paul Fuller, anapita kumalo osungirako anthu olumala n'kupezako mnyamata wa zaka 18. Mnyamatayo ankangogona chagada, osatha kudzitembenuza, osayankhula, wongomwetsedwa, ndipo madokotala ankati palibe chimene angaphunzire. Zaka 18 za kungogona! Fuller anatenga mkaka wofunda wothira shuga m'sirinji, n'kukhala pambali pa bedi, n'kudikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzanja lamanja la mnyamata litangosuntha, anam'donthezera mkaka m'kamwa. Linasunthanso, mkaka. Linasunthanso, mkaka. Pofika ulendo wachinayi wa maphunzirowa, mnyamata uja ankakweza dzanja lake m'mwamba katatu pa mphindi, n'kumatsegula pakamwa kudikira. Dzanja linakwera, abale! Dzanja la munthu amene dziko linali litam'lembera kale kuti mulibe munthu linakwera, ndipo pokwerapo linanena kuti ndilimo, ndikumva, ndazindikira kuti chochita changa chimasintha kanthu kunjaku. Mphatso ija inali m'menemo zaka zonsezo, yathunthu, ikungodikira wina wodekha.

Kuchokera pamenepo anthu anayamba kufunsa funso labwino: ngati dzanja lingakwere, n'chiyani china chingatheke? Mu 1964 Montrose Wolf, Todd Risley ndi Hayden Mees a ku yunivesite ya Washington analemba za kamnyamata ka zaka zitatu ndi theka, ka autism, kamene kanachitidwa opaleshoni ya ng'ala m'maso ndipo kakanatha kuchita khungu kakanapanda kuvala magalasi. Koma magalasiwo kankawataya kutali. Sanakamange manja. Anayamba ndi mafelemu opanda galasi: kakawagwira, kalandira kokoma, kenako kakawanyamula, kenako kakawayandikitsa kunkhope, kenako kakawakhazika pamakutu. Pamene kankabwerera kwawo kankavala magalasi pafupifupi maola 12 pa tsiku. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mu 1968 ntchito zotere zinachuluka mpaka zinakhala ndi magazini yakeyake, Journal of Applied Behavior Analysis, imene inayambira ku yunivesite ya Kansas.

Musaganize kuti nzeru imeneyi imafuna nyumba ya magetsi. Tiyerekeze kuti ndi mtsikana wa zaka 7 wa m'mudzi wina kufupi ndi Kavalamanja, amene mpaka lero amadyetsedwa. Kudya nsima ife timakuona ngati chinthu chimodzi, koma taonetsetsani: kutambasula dzanja, kutema mbamu, kuiumba m'chikhatho, kuisunsa m'ndiwo, kuikweza, kuiika m'kamwa. Ntchito zisanu ndi imodzi zolukana bwino, ndipo timazichita tikucheza osaziganizira n'komwe, si chodabwitsa chimenecho? Mayi amakhala kumbuyo kwa mwana, dzanja lake pamwamba pa dzanja la mwana, n'kuchitira naye limodzi zonse, kutema, kuumba, kusunsa, kukweza. Ndiye mbamu itatsala pang'ono kufika pamlomo, mayi amataya dzanja. Kotsalako mwana amamaliza yekha, ndipo malipiro ake ali pomwepo, msuzi wa pende palilime ndi mawu a mayi akuti wakhoza mwanawe! Masiku akamapita mayi amataya dzanja msanga, mbamu ikadali pachifuwa, kenako ikadali m'mbale. Dzanja la mayi limasamuka, kuchoka pazala kupita pamkono, kuchoka pamkono kupita pachigongono, pachigongono kupita paphewa, mpaka tsiku lina lili pamwendo pa mwini wake, mwana akudya yekha. Akatswiri amayambira kumapeto chonchi dala, kuti ulendo uliwonse mwana azifika pa chokoma ndi mphamvu zake. Ndipo chiyamiko chisachedwe: chibwere pomwepo, mpweya usanatsike, pakuti maselo aja amawerengera timphindi.

Koma chimene chimandigwetsa maondo pansi ndi ichi, ndipo ndikupemphani mukhale nane pang'ono pamenepa. Mu 1971, ku Boston, Murray Sidman ankagwira ntchito ndi mnyamata wa zaka 17 amene anabadwa ndi mutu waung'ono, wa ulumali waukulu wa nzeru, wosadziwa kuwerenga. Zinthu ziwiri ankazitha kale: ukatchula dzina la chinthu, monga mphaka kapena galimoto, ankaloza chithunzi chake, ndipo ukamuonetsa chithunzi ankatchula dzina. Sidman anam'phunzitsa chinthu chimodzi chokha: akamva liwu, akhudze pamene liwulo lalembedwa. Mawu 20 achingerezi, afupiafupi. Anabwereza, anabwereza, anabwereza, mpaka mnyamata anawagwira. Sanam'phunzitse kuti zilembo izi n'zofanana ndi chithunzi ichi. Sanam'phunzitse kuwerenga mokweza. Ndiye tsiku la mayeso linafika. Anamuonetsa liwu lolembedwa, popanda wolitchula: mnyamata analoza chithunzi cholondola. Anamuonetsa chithunzi: analoza liwu lolembedwa. Anamuonetsa liwu lolembedwa kuti alitchule: analitchula! Pafupifupi onse anakhoza. Njira imodzi anaphunzitsidwa, zitatu zinabwera zokha!

Pamsika wa nsomba ku Feira, kapena pa Luangwa Bridge pamene mabasi a ku Chipata amaima, mukagula mulu wa nsomba zouma mayi wogulitsa amatolanso ziwiri zitatu n'kuponya m'thumba mwanu, amvekere iyi ndi mbasela. Simunalipire, simunapemphe. Umu ndi mmene Namalenga anaumbira nzeru za munthu: mphunzitsi akalipira thukuta la chinthu chimodzi, Mwini nzeru amaonjezapo zina zaulere, ndipo mbasela yake imaposa chogulidwacho! Pakanapanda mbasela imeneyi ndani wa ife akanatha kuyankhula? Tikanati tiziphunzitsidwa kulumikiza liwu lililonse ndi chinthu chake, chinthu ndi chithunzi chake, chithunzi ndi zilembo zake, kupita ndi kubwerera, chimodzichimodzi, imvi zikanamera tisanamalize giredi 1. Mwana wa m'chigwa muno amamva Chinsenga kwa agogo, Chikunda kwa anzake a kudooko, Chinyanja ndi Chingerezi kusukulu, mwinanso Chipwitikizi ndi Chishona kwa amalonda owoloka mtsinje, ndipo mayina onsewa amakakumana pa nsomba imodzi yomweyo popanda womukhazika pansi. Mu 1982 Sidman ndi anzake anayesa anyani ndi mayeso a kubwerera m'mbuyo kotereku. Anyani, ochenjera aja otithera chimanga m'munda, sanathe, pamene ana aang'ono ambiri anatha. Ndipo kumbukirani kumene chuma chimenechi chinaonekera: mwa mnyamata amene anthu ankati sangawerenge. Mulungu anasankha wonyozeka kuti aphunzitse mapulofesa mmene tonsefe timaganizira. Alemekezeke!

Palinso chowawa chimene makolo ena amachidziwa ndi misozi: mwana womenyetsa mutu pakhoma, wodziluma dzanja mpaka magazi. Ambiri amati ndi ziwanda, ena amati ndi mwano. Mu 1982 Brian Iwata ndi anzake ku Baltimore anaonetsetsa ana 9 odzivulaza, n'kumasintha zowazungulira mwadongosolo: nthawi ina mwana akadzimenya wamkulu ankathamangira kudzam'tonthoza, nthawi ina akadzimenya ankam'chotsera ntchito yovuta, nthawi ina ankakhala yekha wopanda choseweretsa, nthawi ina ankangosewera mwamtendere. Mwa ana 6 zinaonekera poyera kuti kudzivulazako kunali ndi nthawi yake ndi chifukwa chake. Wina ankafuna kuti amuone. Wina ankathawa ntchito yom'kulira. Wina thupi lake linkangofuna chomva. Ngakhale m'chimene ife timachiona ngati chisokonezo munali dongosolo, munali pempho! Ndiye mu 1985 Edward Carr ndi Mark Durand anaphunzitsa ana mawu afupiafupi opemphera thandizo kapena chidwi cha mphunzitsi, ndipo pamene pempho linapeza njira yabwino yotulukira, kukuwa ndi kumenya kunachepa kwambiri. Wopanda mawu angapatsidwe chizindikiro cha dzanja, angapatsidwe chithunzi cha kapu choti apereke akamva ludzu. M'chigwa chathu chino, mmene mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, taganizani mwana wa ludzu amene alibe njira yonenera kuti madzi. Mwana wolira n'kumufunsa, ndipo amene sangayankhe ndi pakamwa tim'funse ndi maso athu: zisanachitike panali chiyani, zitachitika analandira chiyani?

Pano ndinene mosabisa, pakuti mphatso yopatulika ikagwera m'manja ouma imapweteka. Fuller uja anayamba wam'khalitsa ndi njala mnyamata wake maola ambiri kuti mkaka ukome, ndipo zimenezo lero sitingazivomere. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ena ankamenya ana mbama, ena ankawagwiritsa magetsi, ati powaphunzitsa. Akuluakulu ambiri a autism lero akunena poyera kuti ali ana anaumirizidwa kuyang'ana anthu m'maso ndi kuletsedwa kugwedeza manja kumene kumawakhazika mtima pansi, n'cholinga choti angooneka ngati anzawo. Tiwamvere, akunena za thupi lawo. Ine ndikuti chakudya cha mwana si chokambirana, chikwapu si mphunzitsi, ndipo chophunzitsa chikhale chom'thandiza mwiniwakeyo: kudya, kusamba, kupita kuchimbudzi, kupempha, kukana, kudziwa kuti m'mphepete mwa mtsinje muli ng'ona. Mlengi amene sanapange milambe iwiri yofanana sanatitume kuti tifananitse ana ake.

Ndipo manja awo, abale, manja awo! Mu 1972 Marc Gold wa ku yunivesite ya Illinois anatenga achinyamata 64 a ulumali wa nzeru, ena waukulu ndithu, n'kuwaphunzitsa kumanga buleki ya njinga ya tizitsulo 15, kenako ina ya tizitsulo 24. Ntchitoyo anaidula m'timagawo ting'onoting'ono, ndipo wina akasokoneza sankam'kalipira, ankangomuuza kuti ayese njira ina. Anamanga! Funsani wokonza njinga aliyense pansi pa mtengo ku boma ngati kumanga habu ya kumbuyo ndi masewera. Kwathu konkuno Robert Serpell wa pa yunivesite ya Zambia anaonetsa mu 1979 kuti ana a ku Lusaka ankaposa ana a ku England potengera chithunzi ndi waya, a ku England ankaposa ndi pensulo papepala, koma pa kuumba ndi dongo ankalingana. Aliyense anawala pa chimene manja ake anazolowera. Kuchokera m'maganizo amenewa munatuluka mayeso otchedwa Panga Munthu, oyesa kukula kwa nzeru za mwana pomupatsa dongo kuti aumbe munthu. Ndipo pamene Serpell ankacheza ndi akuluakulu a m'midzi ya Achewa ku Katete kuyambira m'ma 1970, anapeza kuti iwo poyesa nzeru za mwana sankayang'ana kuchenjera kokha, ankayang'ananso ngati mwanayo ndi wotumika, wokhulupirika pa ntchito. Pa muyeso umenewo, ndi angati mwa ana athu ochedwa kuyankhula amene angawale, atapatsidwa mbuzi zoti atsekere madzulo, masau oti atole, bango loti asanje poluka mphasa?

N'zoona kuti thandizo lambiri lili kutali. Lusaka ili pa mtunda wa makilomita oposa 300, ndipo ndi kumeneko kumene kuli koleji ya ZAMISE yosula aphunzitsi a ana olumala. Lamulo la anthu olumala la 2012 limati mwana wotere ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo kuyambira 2022 sukulu za boma n'zaulere. Tsono ahedi amulembe, aphunzitsi ophunzira ntchitoyi atumizidwe kuno kuchigwa ndipo akhazikike, mafumu ndi anyakwawa adzudzule pabwalo nkhani zonamizira makolo ufiti. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: mayi mmodzi sangathe yekha, usana ndi usiku, ali ndi munda woti alondere njovu. Amphakati ndi amvano azisinthana naye, achemwali ndi achimwene a mwanayo aphunzire kagwiridwe kofanana, kuti chimene mayi akuyamikira nawonso aziyamikira chomwecho. Mwana wokomoka ndi khunyu apite naye ku Katondwe kapena ku chipatala cha boma, pakuti mankhwala alipo, ndipo kukomoka kukachepa mutu umapeza mpata wosunga zimene waphunzira. Ayezedwenso makutu ndi maso, poti ena amene timati samva zonena amangokhala kuti samva phokoso.

Chomaliza chimene akatswiri aja amaumirira ndi kuwerenga, chifukwa kukula kwa mwana wotere kumayenda mwakachetechete moti diso la wotopa silingakuone, ndipo mayi angagwe ulesi pamene zinthu zikuyenda. Simufunika kompyuta. Sankhani ntchito imodzi yokha, kaya kukweza mbamu, kaya kupereka kapu popempha madzi. Ikani chitini pakhonde, ndipo ulendo uliwonse mwana akachita yekha, ponyamoni nthangala ya sau. Loweruka madzulo khuthulani, werengani, lembani kuchikuto cha kope, yambaninso. Nthangala zikamachuluka sabata ndi sabata, imbani nthungululu, thokozani Mulungu, n'kubweza dzanja lanu m'mbuyo pang'ono. Zikaima malo amodzi masabata angapo, musam'dzudzule mwana: gawo limene mwam'patsa lakula, liduleni pawiri, kapena chimene mukum'yamikira nacho sichim'komera, funani china. Ndipo tsiku la sikelo kapena lokaonana ndi aphunzitsi, kopelo mulinyamule, akaone nawo manambalawo kuti mugwirizane ntchito yotsatira.